Labu yomwe inayeza mwana wanga matenda oumitsa khosi, zabwino zake ndi zomwe zinandinyansa

Dzulo ku banki nkhonde mnzanga wina anandifunsa kuti eti labu ya pa chipatala cholipira chija munagonekedwa ndi mwana ndi yabwino? Ndinatsegula pakamwa n'kutsekanso, chifukwa yankho lake si eya kapena ayi. Ndiye ndati bola ndilembe zonse bwinobwino wina aliyense adzionere yekha. Dzina la chipatala ndalisunga dala popeza muli madandaulo, mungodziwa kuti ndi mu Blantyre mommuno ndipo labu yake ili mkati mwa chipatala momwemo, kuseri kwa kauntala yolipirira.

Mwana wanga woyamba ali ndi zaka 15, ali folomu 2. Lolemba anabwera ku sukulu akuti mutu ukuwawa, thupi latentha, ine ngati mayi aliyense wa pa Malawi pano ndinati malungo basi. Tinapita ka kiliniki ka kwathu kuno anamubaya chala, kachida koyezera malungo kaja kanaonetsa mzere umodzi kutanthauza kuti mulibe, komabe anatipatsa LA ati mwina akubisala. Kunyumba ndinawonjezeranso amoxicillin amene anatsala nthawi yomwe mng'ono wake ankatsokomola. Apa ndiye ndikuvomera ndekha kuti ndinalakwitsa, muona kutsogoloku chifukwa chake.

Lachiwiri usiku zinthu zinasintha kwabasi. Kusanza, kukana kuyang'ana babu ati ikumulasa m'maso, kenako kuyamba kulankhula zosadziwika mutu wake, kundiitana dzina la aphunzitsi ake a masamu. Nditamuuza kuti aweramitse mutu chibwano chigunde pachifuwa analira ngati kamwana, khosi linali gwa ngati mtengo. Tinathamangiranso ku kiliniki kuja cha m'ma 8 koloko, a clinical officer atangomugwira khosi nkhope yawo inasintha, anamubaya jakisoni wopha mabakiteriya wotchedwa ceftriaxone pompo n'kulemba kalata kuti pitani ku chipatala chachikulu usiku womwe uno musadikire kuche. Bambo amenewa ndimawathokoza mpaka lero. Matenda oumitsa khosi amenewa, omwe pa Chingerezi amati meningitis, sadikira, atha kupha munthu pasanathe tsiku limodzi, ndipo a WHO amanena kuti mwa anthu 6 omwe adwala meningitis ya mabakiteriya mmodzi amamwalira, komanso mmodzi mwa 5 amatsala ndi chilema monga kugontha kapena khunyu.

Tinafika ku chipatala cholipira chija cha m'ma 10 koloko. Kulandira anatilandira bwino ndithu, anesi anamuika kanyula, n'kutenga magazi timabotolo tingapo, ka full blood count, ka shuga, ka malungo koonera pa maikulosikopu, ka HIV atatipempha kaye chilolezo, ndi botolo lina lokulirapo lokhala ndi timadzi mkati lomwe anati ndi la blood culture. Kenako adokotala anandikhazika pansi n'kuti mayi, tikuganizira matenda oumitsa khosi, tikuyenera kutenga madzi a pamsana.

Abale inu mawu amenewa akangotuluka m'kamwa mwa dokotala mumadziwa zomwe zimachitika pa banja. Amayi anga, agogo ake a mwanayu, anali pomwepo ndipo anaimirira n'kumanga chitenje ati ayi mdzukulu wanga simumuboola msana, uje wa kumudzi anamutenga madzi amenewa kutacha tinali pa maliro. Achimwene anga, omwe ndi eni mbumba, pa foni nawonso ati mlongo usasaine dikira ndifike. Bambo ake a mwana ali ku Joni foni yosagwira. Tinataya pafupifupi maola awiri tikukokanakokana pa khonde, mwana ali gone mkatimo akubuula.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi adokotala omwewo, ndipo apa ndiwayamikire, sanatikalipire. Anatenga pepala n'kujambula msana. Anati chingwe cha mitsempha chomwe mukuopa kuti tichilasa chimathera chakumtunda, cha pa fupa loyamba kapena lachiwiri la m'chiuno, ife singano timalowetsa mmunsi mwake pakati pa lachitatu ndi lachinayi kapena lachinayi ndi lachisanu, pomwe pali thumba la madzi. Anati munthu wamkulu amakhala ndi madzi amenewa pafupifupi 150 ml ndipo thupi limapanga ena pafupifupi theka la lita tsiku lililonse, ife tikufuna ongokwana tisipuni tochepa, mmawa kukamacha akhala atabwereramo kalekale. Ndiye anatembenukira kwa amayi n'kuti agogo, anthu ambiri amafika kuno matenda atalowerera kale, timatenga madzi, matenda aja n'kuwapha, ndiye mlandu umagwera singano. Amayi anangoti kaya, n'kukhala pansi. Ndinasaina.

Sikuti amangobaya aliyense ayi. Anayamba amuunika m'maso ndi katochi, kumuyesa manja ndi miyendo ngati mbali ina yafooka, kuona ngati magazi ake alibe vuto la kusagwirana, ati pakakhala zizindikiro zoti mu ubongo mwatupa kwambiri amayamba adikira kaye n'kumangopereka mankhwala. Anamugoneka chammbali atapinda maondo kufika pachifuwa ngati mwana ali m'mimba, nesi mmodzi atamugwira mapewa ine nditagwira dzanja. Anapaka mankhwala abulawuni aja pamsana, jakisoni wochititsa dzanzi, kenako singano yaitali. Ine ndimayembekezera kuti akoka ndi silinji koma ayi, madziwo amadontha okha dontho limodzilimodzi kulowa mu kabotolo. Adokotala anakweza kabotolo ku getsi n'kundionetsa. Anati a munthu wabwinobwino amakhala mbee ngati a pa mpope. A mwana wanga anali ngati madzi otsukira mpunga. Ngakhale ine wosaphunzira za chipatala ndinadziwa kuti apa zavuta.

Tsopano tifike pa labu penipeni, chifukwa ndi pomwe pali nkhani yanga.

Choyamba chomwe chinandinyansa, timabotolo titatu tija anandipatsa ine gadiyani kuti ndipite nato ku labu, koma ndiyambe ndadzera kwa kashiya. Kashiya kunalibe. Mlonda anakamudzutsa, kubwera ali ndi tulo m'maso, kompyuta ikuchedwa kuyaka, kenako netiweki ya pa foni yovuta ndalama sizikudutsa, ine chiimire timabotolo tili m'manja. Nditalipira kupita pa windo la labu, lotseka. Ati wa labu usiku amakhala kunyumba amachita kumuimbira, galimoto yapita kukamutenga. Kungoyambira pomwe madzi anatuluka pamsana mpaka pomwe anafika m'manja mwa woyeza panadutsa mphindi zoposa 50, ndinkayang'ana wotchi ya pakhoma ndiye sindikunama. Mkati modikiramo bambo wina wogwira ntchito pomwepo, wachifundo ndithu, anati mayi bweretsani ndikuikireni mu filiji zisaonongeke. Mwayi wake ndinakana, osati chifukwa chodziwa kanthu koma ndinkaopa kuti tisokonekera ndi ta anthu ena.

Atafika achemwali a mu labu, mtsikana wochepa thupi atavala juzi pamwamba pa zogonera, funso lawo loyamba linali lakuti atenga nthawi yanji madziwa, lachiwiri, simunaike mu filiji eti? Nditati ayi anapumira m'mwamba. Pambuyo pake ndi pomwe anandifotokozera kuti tizilombo toyambitsa matendawa, makamaka meningococcus, pneumococcus ndi Haemophilus, n'tosachedwa kufa tikazizidwa, ukaika mu filiji ndiye kuti wapha umboni. Komanso maselo oyera omwe ali m'madzimo amayamba kuphulika okha akakhalitsa, pakatha maola awiri ambiri amakhala atatha ndiye ukawerenga umapeza nambala yabodza yotsika. Lamulo lake ndi lakuti madziwa ayezedwe lisanathe ola limodzi. Tinapulumukira pa kamphindi, ndipo chomwe chinatichedwetsa si matenda kapena makina, ndi lisiti.

Koma ntchito yomwe anagwira mtsikana ameneyu kuyambira pamenepo, ayi ndithu ndimuvulire chipewa. Anandilola kukhala pa benchi pafupi ndi chitseko chili chotsegula, mwina anaona kuti ndikabwerera ku wodi ndikagwa. Nanga si ndine wa mafunso, ndinkafunsa chilichonse iye n'kumayankha uku manja akugwira ntchito.

Ndinafunsa kuti timabotolo titatu tachiyani madzi ake omwewo. Ati kena n'koyezera shuga ndi mapuloteni, kena n'kofesa tizilombo, komaliza n'kowerengera maselo, chifukwa nthawi zina singano imakhudza kamtsempha ka magazi polowa ndiye kabotolo koyamba kamakhala ndi magazi osayenera kukhalamo, pofika komaliza amakhala atachepa. Anadontheza pa kagalasi kokhala ndi timizere ting'onoting'ono ngati pepala la girafu n'kumawerenga pa maikulosikopu akudina kachitsulo, kha kha kha kha, osasiya. Munthu wabwinobwino sapitirira maselo oyera 5 pa microlitre imodzi. Mwana wanga anapezeka ndi 2,400, ndipo ambiri mwa iwo, 9 pa 10 alionse, anali mtundu wotchedwa neutrophils, omwe ndi asilikali othamangira kukamenyana ndi mabakiteriya. Akanakhala kuti achuluka ndi ma lymphocytes bwenzi akuganizira kwambiri za vayilasi, TB kapena fangasi.

Shuga ndiye anandisangalatsa mmene anafotokozera. Ati shuga wa m'madzi a pamsana payekha sanena zambiri, umayenera kumuyerekeza ndi wa m'magazi wotengedwa nthawi yomweyo, n'chifukwa chake anamubayanso chala asanalowetse singano ija. Zikakhala bwino wa pamsana amakhala pafupifupi magawo awiri mwa atatu a wa m'magazi. Wa mwana wanga m'magazi anali 6.2, pamsana 1.1, kusonyeza kuti muli nkhondo yomwe ikudya shugayo. Mapuloteni omwe sayenera kupitirira 0.45 anali pa 2.1. Manambala amenewa ndikukopera pa pepala lomwe ndinasunga mu buku lake la kuchipatala, musaganize kuti ndinaloweza.

Kenako Gram stain, yomwe kwa ine ndiye inali mfumu ya mayeso onse usiku umenewo ngakhale pa lisiti ndi yomwe inali yotchipa kwambiri. Anazunguza madziwo pa makina kuti zolemera zikhale pansi, n'kupaka pa kagalasi, kuumitsa, ndiye n'kuthira mankhwala apepo. Ine ndinati amenewo si GV amene amatipaka pa zilonda tili ana? Anaseka ati ndi yemweyo mayi, kuno timamutchula crystal violet. Atatero anathira ayodini, kutsuka ndi spirit, kenako mankhwala ofiirira. Nzeru yake ndi yakuti mabakiteriya ena ali ndi chikopa chokhuthala chomwe chimagwira mtundu wapepo uja ngakhale utsuke, ena chikopa chawo n'chopyapyala ndiye pepo amachoka n'kutenga mtundu wofiirira. Njira imeneyi anaitulukira ndi dokotala wa ku Denmark, Hans Christian Gram, mu 1884, tangoganizani, nthawi ya agogo a agogo athu koma mpaka lero ndi yomwe ikupulumutsa ana pakati pa usiku.

Anafufuza nthawi yaitali ndithu, ine mtima uli phaphapha, kenako anati bwerani muone. Ndinasuzumira. Poyamba sindinaone kanthu koma zofiirira zokhazokha, ati amenewo ndi maselo oyera aja, yang'anani chapakona. Ndinaona timadontho tapepo tiwiritiwiri togundana, tosongoka kunsonga, tochepa kwambiri. Anati Gram positive diplococci, kawirikawiri ameneyu amakhala pneumococcus, yemwe amayambitsanso chibayo ndi mafinya a m'khutu. Tikanakhala tofiirira tiwiritiwiri tooneka ngati nyemba bwenzi tikunena za meningococcus, uja amagwa ngati mliri m'maiko a kumtunda kuyambira Senegal mpaka Ethiopia, ndipo zikanatero nonse a m'nyumba mwanu mukanafunika kumwa mankhwala oteteza. Sanadikire kuti alembe pepala, anaimbira adokotala foni pompo, nthawi ili cha m'ma 2 koloko usiku. Ichi ndi chomwe ndimati labu yabwino, zotsatira zoopsa zimathamanga pa foni, pepala limabwera pambuyo.

Anayezanso fangasi wotchedwa cryptococcus ngakhale HIV inali negative, ka CrAg kamene kamaoneka ngati koyezera mimba ndipo kamatenga mphindi 10 zokha, ndi kena kothira inki yakuda pa galasi kotchedwa India ink. Zonse zinatuluka kuti mulibe. Ndinafunsa kuti nanga mukundidyera ndalama bwanji poti mwapeza kale, ati mayi kuno kwathu fangasi ameneyu ndi amene amaumitsa khosi akuluakulu ambiri makamaka omwe chitetezo chatsika, ndipo mankhwala ake ndi osiyaniranatu ndi a mabakiteriya, ndiye sitingolumpha. Madzi otsala anawaika pa GeneXpert kufufuza TB, zinatuluka mawa lake masana, mulibenso. Apa sindinadandaule, ndinaona kuti n'zomveka.

Tsopano kalicha (culture), kufesa madziwo pa mbale kuti tizilombo timere, yomwe ndi yodula komanso ndi yomwe inatsala pang'ono kutipweteketsa. Asanayambe n'komwe zopakapaka zija anali atafesa kale madziwo pa timbale tiwiri, kena kofiira kokhala ndi magazi a nkhosa, kena kabulawuni komwe amakatchula chocolate agar ngakhale mulibe chokoleti, ndi magazi omwewo koma otenthetsedwa. Anatiika mu chibotolo chachikulu muli kandulo woyaka n'kutseka, kandulo atazima yekha ati mpweya wa mkatimo tsopano ndi womwe tizilomboti timakonda, ndiye n'kulowetsa mu kabati yotentha ngati thupi la munthu, madigiri 35 mpaka 37. Ati tikamera, mawa kapena mkuja tidziwa dzina lake lenileni komanso mankhwala omwe angatiphe ndi omwe tinazolowera. Koma anandichenjezeratu usiku womwewo kuti mayi musadalire kwambiri, mwanayu wabayidwa ceftriaxone maola oposa anayi apitawo komanso mwati anamwa amoxicillin. Meningococcus amatha kufa m'madzimo pakangotha maola awiri chibayireni mankhwala, pneumococcus pafupifupi anayi. Maikulosikopu imaona ngakhale mitembo, koma pa mbale pamamera zamoyo zokha.

Ndinafunsa kuti ndiye a clinical officer aja analakwitsa kumubaya? Anati ayi, m'pang'ono pomwe. Ngati madzi a pamsana sangatengedwe msanga mankhwala sadikira, bola kutaya kalicha kusiyana n'kutaya mwana. Zomwe zinaononga ndi maola athu awiri a pa khonde aja, ndi makapisozi anga a m'kabati.

Lachisanu mwana anali atatsitsimuka, akundizindikira, wayamba kumwa phala, ndipo bilu inali itakwera moti ndikaona envelopu yochokera ku akaunti m'mimba mumandipota. Ndinatumidwa kukatenga zotsatira ku windo kuja. Achemwali aja kunalibe, anali pa off. Panali mnyamata wina ali pa foni, anangofunsa dzina, kusolola pepala, kundiponyera pa windo osandiyang'ana n'komwe. Polembedwa kuti No growth after 48 hours. Ndinamufunsa kuti achimwene zikutanthauza chani, ati sanapeze kanthu, n'kubwerera pa foni yake.

Sanapeze kanthu. Mawu awiri amenewa anafika ku wodi ine ndisanakhale n'komwe pansi. Achimwene anga anawerenga pepala lija kawiri n'kuti mlongo waona, ndimanena ine, mwana alibe matenda amenewa, amuboola msana chabe ndipo akungotidyera ndalama apa, tiyeni tizipita akamalizire kunyumba. Amayi anayamba kale kupinda zofunda. Kunena zoona nanenso mtima unagwedezeka, chifukwa ndalama zinali zitatha, ndinali nditakongola kale ku banki nkhonde kawiri. Chomwe chinandigwira ndi mawu a mtsikana uja a usiku uja, kuti pa mbale pamamera zamoyo zokha, komanso timadontho tapepo tija ndinationa ndi maso angawa. Ndinakana kuti sitichoka mpaka adokotala abwere. Atabwera anagwira pamutu. Anati no growth sikutanthauza kuti matenda kulibe, madzi amtundu uja, maselo 2,400, shuga wotsika chonchija ndi Gram stain ija ndi umboni wokwanira, ndipo pneumococcus amafuna jakisoni masiku 10 mpaka 14 osadumphitsa. Tikanatuluka tsiku limenelo matenda akanabwerera ndipo mwina sitikanakhalanso ndi mwayi wachiwiri.

Ndiye apa ndi pomwe labu imeneyi inandikhumudwitsa kwambiri, kuposa za kashiya zija. Pepala ngati limeneli siliyenera kuperekedwa kwa gadiyani pa windo popanda mawu. Lizipita kwa dokotala, kapena pansi pake pazilembedwa kamzere kamodzi kuti wodwala analandira kale mankhwala madzi asanatengedwe ndiye zotsatirazi sizikuchotsa matenda. Zikanawatengera chani? Ndi mabanja angati omwe anawerenga mawu amenewa n'kunyamula mwana wawo? Blood culture nayonso inatuluka patatha masiku 5, chimodzimodzi no growth, koma apo ndinali nditachenjera.

Ndinafunsanso ngati palibe njira ina yotsimikizira dzina la kachilomboko poti kalicha yakanika. Anati ilipo, PCR, yomwe imafufuza DNA ya kachilombo ngakhale katafa kale, ndipo kuli makina ena ngati BioFire omwe amayeza tizilombo 14 nthawi imodzi n'kutulutsa yankho pa ola limodzi. Koma iwo alibe, akanachita kutumiza madzi otsala ku South Africa, mtengo wake owerengera ku dola, yankho kubwera patatha sabata kapena kuposa. Adokotala anandiuza mosabisa kuti mayi sungani ndalama zanu, ngakhale litabwera sitisintha mankhwala poti mwana akuchira. Ndinawakonda pamenepo, ena akanangoti lipirani. Komabe ndi zomvetsa chisoni kuti chipatala cholipiritsa chonchi chilibe makina amenewa, pomwe anthu ambiri kuno timafika titamwa kale timakapisozi togula pa golosale, kutanthauza kuti kalicha izikanika kawirikawiri.

Za mtengo, sindilemba manambala poti mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, koma za labu zokha, osawerengera bedi ndi mankhwala, zinadya zoposa theka la malipiro anga a pamwezi. Chomwe ndinaona pa lisiti n'chakuti zinthu zomwe zinapereka yankho usiku womwewo, kuwerenga maselo, shuga, mapuloteni ndi Gram stain, zonse pamodzi sizinafike mtengo wa makalicha awiri aja omwe sanamere kanthu. Sindikuti musamapangitse kalicha ayi, ikamera imathandiza kwambiri chifukwa masiku ano tizilombo tambiri tikumakana mankhwala. Ndipo lisiti lake linali losalongosoka, analemba full blood count kawiri tsiku limodzi, nditakadandaula anachotsa koma ndinachita kuyendera katatu.

Ena mundifunsa kuti bwanji osangopita ku Queens kwaulere. Usiku umenewo tinangothamangira komwe kunali pafupi ndi komwe galimoto ya aneba inatha kufika msanga, si kuti tinakhala pansi n'kusankha. Ku Queens mayeso amenewa amapanga, ndipo labu ya Malawi-Liverpool-Wellcome yomwe ili pomwepo yakhala ikufesa magazi ndi madzi a pamsana a odwala kwa zaka zoposa 20, zambiri zomwe madokotala athu amadziwa za tizilombo toumitsa khosi kuno zinachokera kumeneko. Adokotala athu aja ndi omwe anandiuza zimenezi, komanso kuti Haemophilus yemwe kale ankavutitsa ana anachepa kwambiri katemera wake atayamba mu 2002, ndipo wa pneumococcus, PCV13, anayamba mu Novembala 2011. Wangayu anabadwa 2009 ndiye anamuphonya, ang'ono ake awiri analandira pa masabata 6, 10 ndi 14. Ndinapita kukafufuza mabuku awo a sikelo tsiku lomwe tinatuluka, ndinachita kugwetsa sutikesi yonse.

Zina zing'onozing'ono, malo ndi aukhondo, magolovesi amasintha, timabotolo analemba dzina ndi nthawi ine ndikuona. Magetsi anazima kamodzi tili pomwepo jenereta inayaka pasanathe mphindi, zomwe n'zofunika poti kabati yofesera ija ikazizira ndiye zonse zaonongeka. Benchi yodikirira ndi imodzi yokha ndipo ili pa mphepo, mukapita usiku tengani chofunda. Chimbudzi cha magadiyani sindinenapo.

Ndikati ndipereke nyenyezi, achemwali a usiku aja 5 pa 5 ndipo ndikanatha ndikanawonjezera, sindinawapezenso kuti ndiwathokoze, ndinangosiya kachitenje ndi kakalata kwa anesi. Ntchito ya mkati mwa labu 4. Dongosolo lolipira kaye madzi a pamsana ali m'manja mwa gadiyani, 1. Windo loperekera zotsatira, 1 yemweyo. Mnzanga wa ku banki nkhonde uja ndamuuza kuti apite, koma akafika anene kuti madzi apite ku labu kaye ndalama tikambirana pambuyo, awauze adokotala mankhwala alionse omwe wodwala wamwa ngakhale a pa golosale ndi nthawi yake, ndipo pepala lililonse lochokera pa windo lija asaliwerengere pa khonde ndi achibale.

Tinakhala masiku 14. Mutu unamuwawa masiku angapo akadzuka kukhala tsonga, ati zimachitika ukatengedwa madzi a pamsana, unasiya wokha. Msana uli bwinobwino, akusewera mpira, agogo ake amamuyang'anabe akamathamanga ngati akudikira kuti agwe. Potuluka anatiuza kuti tikamuyezetse makutu pasanathe mwezi chifukwa pneumococcus amakonda kuononga kumva, tinapita ku kiliniki ya makutu ku Queens ndipo anapeza kuti khutu lakumanzere likumva pang'ono chabe, lakumanja lili bwino. Ndinakalankhula ndi aphunzitsi ake, pano amakhala kutsogolo mbali ya ku mawindo kuti khutu labwinolo liloze ku bolodi. Ukamuitana uli kumanzere kwake sayankha, ndiye ang'ono ake atulukira kuti akafuna kumunena amaima mbali imeneyo.